Kodi Mulungu Amasamala za Magetsi Owawanyidwa m'Masitolo?

1. Kodi ogula amapeza mkhalidwe wotani m'masitolo ambiri aakulu, ndipo ukubutsa funso lotani?

M'MIZINDA yambiri, kuyambira ku New York kufikira ku Johannesburg, munthu angachoke pamsewu thukuta lili kamukamu naloŵa m'sitolo yaikulu yozizira kwambiri kwakuti amalakalaka akanatenga juzi. Pafupi ndi mafiriji a mkaka, nyama ndi zakumwa, mphepo yozizira imamuwomba m'miyendo. Antchito ena amavala majekete tsiku lonse pamene kunja dzuŵa likuswa mtengo. Kuzizira konseko kumalira magetsi ochuluka. Kodi munthu wopembedza Mulungu ayenera kudera nkhaŵa ndi nkhani yonga imeneyi?

Mmene Magetsiwo Amatayikira

2, 3. (a) Kodi nchifukwa ninji mafiriji opanda zitseko amadya magetsi ambiri? (b) Kodi pali chivulazo china chotani?

2 Firiji imagwira ntchito mwa kuchotsa kutentha mkati mwake ndi kukutayira kunja, ndipo makina ake amadya magetsi nthaŵi yonse imene akuchita zimenezo. M'masitolo ambiri aakulu a zakudya, mafiriji amadya pafupifupi theka la magetsi onse a m'nyumbamo. Ambiri a iwo alibe zitseko, kuti wogula angotambasula dzanja ndi kutenga katundu. Koma mpweya wozizira ngwolemera kuposa wotentha, chotero umasefukira pansi ndi kufalikira m'njira za ogula, pamene mpweya wofunda ndi wachinyezi ukuloŵa m'malo mwake. Motero ntchito yaikulu ya firiji yoteroyo imakhala kuziziritsa mpweya wa m'sitolo. M'nyengo yachisanu, eni sitolo amayatsanso makina otenthetsa kuti ogula asazizidwe, ndipo amalipira kaŵiri.

3 Ndiponso, mafiriji ameneŵa amagwiritsira ntchito magasi amene amatuluka pang'onopang'ono m'mapaipi. Bungwe la boma la United States loyang'anira malo okhala limayerekezera kuti sitolo yaikulu wamba ya kumeneko imataya pafupifupi 25 peresenti ya gasi wake chaka chilichonse. Kilogalamu imodzi ya gasi wotchedwa R-404A imatenthetsa dziko mofanana ndi makilogalamu pafupifupi 4,000 a carbon dioxide. Nchifukwa chake mu October 2016 maiko anapangana ku Kigali, Rwanda, kuchepetsa magasi a mtundu umenewu.

4. Kodi maboma ena anachitanji, ndipo nchiyani chinawasonkhezera?

4 Masitolo ena amasiya zitseko zapakhomo zili zotsegula kuti mphepo yozizira ikope odutsa pamsewu. Mzinda wa New York unaletsa zimenezi kwa masitolo aakulu mu 2008, ndipo mu 2015 unafutukula lamulolo kuti likhudzenso aang'ono. Mu 2022, mitengo ya gasi itakwera kaamba ka nkhondo ya ku Ukraine, boma la Spain linalamula kwa kanthaŵi kuti makina oziziritsa mpweya m'masitolo asatsitsidwe kupyola madigiri 27 Celsius. Chaka chomwecho France anaika chindapusa chofika ma euro 750 kwa sitolo yosiya chitseko chotsegula makinawo akuyaka. Onani kuti ku Ulaya malamuloŵa anadza pamene magetsi anasoŵa ndi kudula. Komabe, Baibulo limapereka chifukwa chopeŵera kusakaza chimene chimagwira ntchito ngakhale pamene zinthu zili za mwana alirenji.

Kuziziritsa Sikulakwa

5. Kodi Malemba amasonyeza motani kuti kuzizira ndi kusunga chakudya nzabwino?

5 Choyamba, Malemba samatsutsa mpumulo umene kuzizira kumadzetsa. Mwambi wina umayerekezera mthenga wokhulupirika ndi kuzizira kwa chipale chofeŵa m'nyengo yotentha yokolola. (Miyambo 25:13) Yesu analonjeza mphotho kwa wopatsa wophunzira wake ngakhale chikho cha madzi ozizira. (Mateyu 10:42) Kusunga chakudya nakonso nkwanzeru, pakuti Yosefe anapulumutsa miyoyo yambiri mwa kukundika tirigu wa Igupto kwa zaka zisanu ndi ziŵiri za dzinthu. (Genesis 41:46-57) Lerolino firiji imatetezera mkaka, nsomba, katemera ndi mwazi wa moyo wa malonda ambiri, ndiwo katundu wosachedwa kuwola. Chotero nkhani yagona pa kuziziritsa kopyola muyeso ndi kuzizira kotayidwa mwadala.

Phunziro la Makombo

6. Kodi Yesu analamulanji atadyetsa khamu, ndipo nchifukwa ninji zimenezo zili zochititsa chidwi?

6 Talingalirani zimene zinachitika pafupi ndi Nyanja ya Galileya Paskha atayandikira. Yesu anadyetsa amuna pafupifupi 5,000 ndi mikate isanu ya barele ndi tinsomba tiŵiri. Onse atakhuta, iye anauza ophunzira ake kusonkhanitsa makombo kuti pasatayike kanthu, ndipo anadzaza mitanga 12. (Yohane 6:1-13) Mkatewo sunamdyere ndalama. Iye akanatha kuchulukitsa wina m'maŵa mwake. Chikhalirechobe, anatuma amuna otopa kuŵeramira pansi ndi kutola zidutswa. Kodi nchifukwa ninji? Chifukwa chakuti mkatewo unali mphatso ya Atate wake, imene anali atangoiyamikira m'pemphero. Munthu sangathokoze kaamba ka mphatso ndi pakamwa kwinaku akuipondereza ndi mapazi.

7. Kodi mana anaphunzitsa Aisrayeli chiyani?

7 Aisrayeli anaphunzira zofananazo m'chipululu. Mana anali kugwa ochuluka, koma banja lililonse linauzidwa kutola mogwirizana ndi chiŵerengero cha anthu ake. Amene anasunga kufikira m'maŵa mosamvera anapeza atagwa mphutsi ndi kununkha. (Eksodo 16:16-20) Kuoloŵa manja kwa Wopatsayo sikunapatse olandirawo ufulu wa kutenga popanda muyeso. Malasha a pansi pa nthaka, madzi a m'mitsinje ndi kuŵala kwa dzuŵa, zimene anthu amapangira magetsi, nzochokera kwa Wopatsa yemweyo.

8. Kodi kulipira magetsi kumapatsa munthu ufulu wa kuwasakaza? Fotokozani.

8 Wina anganene kuti popeza mwini sitolo amalipira magetsiwo ndi ndalama zake, angachite nawo zimene afuna. Koma pamene Mlengi anaika munthu woyamba m'munda wa Edene, anampatsa ntchito ya kuulima ndi kuusamalira. (Genesis 2:15) Adamu anali mdindo, ndipo mdindo amayankha kwa mwini chuma. Ngakhale pankhondo, asilikali achiisrayeli ozinga mzinda analetsedwa kudula mitengo ya zipatso. (Deuteronomo 20:19, 20) Buku lomalizira la Baibulo limachenjeza kuti Mulungu adzaweruza owononga dziko lapansi. (Chivumbulutso 11:18) Risiti ya kampani ya magetsi imathetsa ngongole ya kwa anthu. Mangawa a kwa Mwini dziko amatsalabe.

Kodi Ndani Amasenza Mtolowo?

9, 10. (a) Kodi kusakaza magetsi kumakhudza motani mnansi? (b) Kodi lamulo la khunkha limaphunzitsanji amalonda?

9 Kusakaza kumavulazanso mnansi. Mu Afirika, kummwera kwa Sahara, anthu pafupifupi 600 miliyoni alibe magetsi. Ngakhale okhala nawo amadziŵa kupereŵera kwake. Mu 2023 South Africa anali ndi masiku oposa 300 a kuzimitsa magetsi mosinthanasinthana, ndipo masitolo anali kutentha dizilo m'majenereta kuti nyama isawole. Mu 2024 chilala chinaphwetsa madzi a damu la Kariba kwakuti mabanja ambiri m'Zambia anali kuona magetsi kwa maola oŵerengeka okha patsiku. Zoonadi, chitseko chotsekedwa ku Paris sichingayatse getsi m'mudzi wa ku Chipata. Komabe, onse olumikizidwa ku nthambo zimodzimodzi amatunga pachitsime chimodzi, ndipo zimene sitolo ikutayira pamsewu zikanatumikira chipatala, chigayo kapena wowotcherera zitsulo. Ndalama za magetsi otayikawo zimaloŵanso mumtengo wa buledi ndi mkaka, zimene wosauka amagula.

10 Chilamulo cha Mose chinauza mlimi kusakolola m'mphepete mwa munda wake, kuti wosauka ndi mlendo akunkhe. (Levitiko 19:9, 10) Mundawo unali wake, koma phindu lake linali ndi malire amene chikondi cha pa mnansi chinaika. Eni masitolo ambiri azengereza kuika zitseko pamafiriji poopa kuti ogula adzagula zochepa. Wamalonda woopa Mulungu adzaika mantha amenewo pamuyeso pamodzi ndi ubwino wa anansi ake ndi thanzi la antchito ake, amene amakhala mumphepoyo maola ambiri.

Kukhulupirika m'Zazing'ono

11, 12. Kodi mwini sitolo, wantchito ndi wogula angachitenji?

11 Kuwongolera nkotheka. Mu 2012 makampani aakulu a masitolo ku France analonjeza kuika zitseko pa 75 peresenti ya mafiriji awo otsegula pofika 2020. Mkristu amene ali ndi golosale yaing'ono angachite zofanana ndi zimenezo pamlingo wake. Angaike firiji kutali ndi dzuŵa ndi chitofu, kusiya mpata kumbuyo kwake, kupukuta fumbi pamapaipi ake, kusintha mphira wa chitseko utatha, ndi kuitana mmisiri mwamsanga gasi akayamba kutuluka. Zakudya zosachedwa kuwonongeka zimasungika bwino pa madigiri 5 kapena kutsikirapo pang'ono, ndipo zoumitsidwa zimasungidwa pa madigiri 18 kunsi kwa ziro. Kutsitsa kupyola pamenepo kaŵirikaŵiri kumangokweza bilu.

12 Wantchito angakumbukire kutsitsa zophimba za mafiriji usiku ndi kusaunjika katundu motseka njira ya mpweya. Wogula angasankhe chimene akufuna akuyang'ana pagalasi, ndiyeno kutsegula, kutenga, ndi kutseka. Ngati wasintha maganizo, angabwezere nkhuku youmitsidwa mufiriji m'malo moisiya pashelufu ya sopo, pamene idzasungunuka ndi kutayidwa. Zimenezi nzazing'ono, koma Yesu anaphunzitsa kuti mmene munthu amachitira ndi zochepa zimavumbula mmene adzachitira ndi zambiri. (Luka 16:10) Pang'onopang'ono ndi mtolo.

13. Kodi nchifukwa ninji pafunikira kukhala wachikatikati?

13 Komabe, pafunikira kusamala. Pamene Mariya wa ku Betaniya anadzoza mapazi a Yesu ndi mafuta a mtengo wapatali, Yudasi Isikariote anadandaula kuti akanagulitsidwa kaamba ka osauka, koma Yesu anachinjiriza mkaziyo. (Yohane 12:3-8) Si kuwonongera ndalama kulikonse kumene kuli kusakaza. Wokalamba kapena wodwala angafunikire chipinda chozizira m'nyengo yotentha kuti akhale ndi moyo, ndipo kuzimitsa firiji ya nyama usiku kuti bilu itsike kungadwalitse ogula. Mkristu sadzakhala wapolisi wa mafiriji a anzake, ndiponso sadzakangana ndi wantchito amene sanaike malamulo a sitolo. Ngati ali ndi lingaliro, angalipereke kwa woyang'anira mwaulemu.—Afilipi 4:5.

14. Kodi nchiyani chimasonkhezera Mkristu kupeŵa kusakaza?

14 Malamulo a maboma amasintha pamene mitengo ya mafuta ikwera kapena kutsika. Chifukwa cha Mkristu sichimasintha. Iye amadziŵa kuti zonse zimene amagwiritsira ntchito nzobwereka, ndi kuti tsiku lina mdindo aliyense adzafotokoza za udindo wake. (Aroma 14:12) Mwa kugwiritsira ntchito mphatso za Mlengi moyamikira ndi mwamuyeso, iye amalemekeza Wopatsayo, amakomera mtima mnansi wake, ndipo amatsanzira Mbuye amene analamula kuti makombo atoledwe.

Kodi Mungayankhe Motani?

□ Kodi mafiriji opanda zitseko amawawanya motani magetsi?

□ Kodi mitanga 12 ya makombo imaphunzitsanji ponena za kusakaza?

□ Kodi nchifukwa ninji kulipira magetsi sikumathetsa nkhani yonse?

□ Kodi Mkristu angakhale motani wachikatikati pankhaniyi?