Kodi Munthu Wosalowa Mpingo Ndi wa Yani?

Njira zitatu za ku Salima

Pa gombe la ku Salima pakumana njira zitatu za chipembedzo. Yakale koposa ndi ya makolo a Achewa, amene mafumu ao, a Kalonga, anali ndi likulu ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka. Yachiwiri ndi ya Chisilamu, imene inadza ndi amalonda ochokera ku nyanja yamchere. Ayao ambiri anailandira kuyambira m'zaka za m'ma 1870. Yachitatu ndi ya Chikhristu. A mpingo wa Dutch Reformed anamanga mishoni ku Mvera m'chaka cha 1889, ndipo ansembe Achikatolika anamanga yao ku Mua m'chaka cha 1902.

Pa kalembera wa m'chaka cha 2018 kunapezeka kuti mwa anthu 100 alionse a m'Malawi, ngati 77 anali Akhristu ndipo ngati 14 anali Asilamu. Mmodzi yekha anati atsata za makolo, ndipo awiri anati alibe chipembedzo.

Anthu otere ndi owerengeka, koma mudzi ulionse uli nao. Wina anabadwira mu mpingo natulukamo atakula. Wina anadulidwa chifukwa cha mitala, kapena mowa, kapena gule. Wina sanalowemo chibadwire. Anzao amawatcha "akunja". Dzinali limawawa koposa tsiku la maliro, pamene abale anong'onezana kuti, "Nanga malumewa adzawaimbira ndani?"

Tsono funso nali: kodi munthu wotere ali ngati nkhokwe yopanda chimanga? Ngati sali wotero, adzadziwa bwanji chimene iye ali?

Mtundu ulionse umayankha funso limeneli ndi nthano ya chiyambi, pakuti munthu akadziwa kumene anachokera, adziwanso chimene ayenera kuchita. Pano pali nthano ziwiri zimene sizili za mpingo kapena za mzikiti. Ina ndi ya kutali, ina ndi ya konkuno. Wowerenga aziike pamodzi naone imene imuuza zoona za mtima wake.

Nthano ya Mani

Mani anabadwa m'chaka cha 216 m'dziko la Babulo, limene lero litchedwa Iraq. Anakulira m'kagulu ka anthu obatiza, koma pamene anali ndi zaka 24 anatulukamo nayamba kuphunzitsa zake. Anati Buddha, Zoroaster ndi Yesu anali aneneri oona, ndipo iye ndiye wotsiriza. Anafera m'ndende ya mfumu Bahram ya ku Persia ali ndi zaka ngati 60.

Mani anaphunzitsa kuti pachiyambi panali maufumu awiri, Kuwala ndi Mdima. Palibe umene unalenga unzake. Tsiku lina Mfumu ya Mdima inaona Kuwala, inasirira, niputa nkhondo. Mwini Kuwala anatuma wankhondo wake wotchedwa Munthu Woyamba, koma iye anagonja, ndipo ziwanda zinameza gawo la Kuwala. Pamenepo anatumidwa wina wotchedwa Mzimu Wamoyo. Iyeyu anapulumutsa wogonjayo, natenga matupi a ziwanda zophedwa, naumba nao dziko ndi thambo.

Chotero kwa Mani dziko lino lili ngati lichero. Ntchito yake ndi kupeta Kuwala kuti kuchoke mu Mdima, monga mkazi apeta mpunga kuchotsa mankhusu. Mwezi ndi bwato. Ukamakula, ndiye kuti ulikulonga Kuwala kopulumuka. Ukamachepa, ndiye kuti ulikutsitsira katundu wake ku dzuwa.

Ziwanda poona kuti Kuwala kulikuthawa, zinabala Adamu ndi Hava kuti matupi ao akhale ngati mono. Mwana aliyense wobadwa ndi mono wina wotsekera Kuwala. Nchifukwa chake akulu a chipembedzochi, otchedwa Osankhidwa, sanali kukwatira, kudya nyama kapena kumwa vinyo. Sanali kulima kapena kukolola, poopa kupweteka Kuwala kumene kuli m'zomera. Anthu wamba, otchedwa Akumva, ndiwo anali kulima nawapatsa zakudya.

Chiphunzitso chimenechi chinafika ku Roma, kumpoto kwa Afirika ndi ku China komwe. Ku Fujian, m'dziko la China, kulipobe kachisi wa Cao'an momwe muli fano la Mani losemedwa m'chaka cha 1339. Koma mpingo wake unatha kalekale.

Munthu asaseke nthano imeneyi msanga. Inakoka anthu ambiri chifukwa inayankha funso lolemera. Mwana akafa ndi malungo, kapena ng'ona ikagwira mkazi pa dooko, mtima umafunsa kuti, "Mulungu wabwino analola bwanji?" Mani anati Mulungu sanalole, ndi mdani wake anachita. Ndiponso anauza kapolo ndi mmphawi kuti m'kati mwao muli kachidutswa ka Mulungu mwini.

Mwana wa ku Afirika amene anaiyesa

Augustine anabadwa m'chaka cha 354 ku Thagaste, m'dziko limene lero litchedwa Algeria. Amake, a Monica, anali Mkhristu, koma iye ali mnyamata anasankha kutsata Mani, nakhala mmodzi wa Akumva zaka ngati 9.

Zinthu ziwiri zinamtulutsa. Choyamba, anaona kuti mau a Mani onena za dzuwa ndi mwezi sagwirizana ndi mawerengedwe a akatswiri a nyenyezi, ndipo mphunzitsi wao wamkulu, Faustus, analephera kumuyankha. Chachiwiri chinali cha mumtima. M'buku lake lotchedwa Confessions anavomera kuti chimene chinali kumkondweretsa ndi kuganiza kuti wochimwa sindiye, koma chinthu china chachilendo chokhala mwa iye. Motero anali kulakwa osadziimba mlandu.

Augustine anabatizidwa ku Milan m'chaka cha 387. Koma phunziro la pano lili pa chimene iye anatulukira: nthano imene igawa munthu pawiri impatsa pobisalira.

Mpingo wa Mani sunamangidwe ku Salima, koma maganizo otere amamveka pa bwalo la milandu. Wakuba mbuzi amati, "Satana anandinyenga." Womenya mkazi amati, "Si ine, ndi mowa." Wotha ndalama za nsomba pa njuga amati, "Andilodza." Mau amenewa amatuluka m'kamwa mwa a mumpingo ndi akunja omwe. Ndipo nkhalamba yanzeru imayankha kuti, "Mwana wanga, Satana alibe manja. Manja amene anamasula chingwe ndi akowa."

Nthano ya Kaphirintiwa

Makolo a Achewa anasimba zina. Pachiyambi dziko linali louma, lopanda chamoyo. Tsiku lina mitambo inada, mphezi inang'anima, mvula inagwa, ndipo Chauta anatsika pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse. Anatera pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama. Mwala unali wofewa, ndipo mapazi ao anadinda pamenepo, pamodzi ndi khasu, lichero ndi mtondo. Mbeu zinamera, ndipo Chauta, anthu ndi nyama anakhala malo amodzi mu mtendere.

Tsiku lina munthu anatenga timitengo tiwiri, kena kolimba kena kofewa, nayamba kupeka. Anzake anamletsa, koma iye sanamve. Moto unabuka nugwira tchire. Galu ndi mbuzi anathawira kwa munthu, koma njobvu, mkango ndi nyama zina zinathawira kutali zili ndi mkwiyo. Birimankhwe anakwera mu mtengo naitana Chauta, koma Chauta anati wakalamba, sangathe kukwera. Pamenepo kangaude analuka ulusi wake namkweza kumwamba. Ali kumeneko Chauta analamula kuti munthu azifa, kuti akamtsate kumene iye ali.

Kusiyana kwake

Sikofunika kuti wowerenga akhulupirire kuti zinachitika ndendende chomwecho. Nthano ya chiyambi ili ngati kalilole. Ntchito yake ndi kuonetsa nkhope ya woyang'anamo. Tsono nkhope ziwirizi zisiyana kwambiri.

Kwa Mani, thupi ndi msampha, khasu ndi chida chopweteka, ndipo kubala mwana ndi kuthandiza Mdima. Pa Kaphirintiwa mwamuna ndi mkazi atsika pamodzi ndi Chauta, khasu lili m'manja. Kulima, kusinja ndi kubala ndi zaulemu kuyambira tsiku loyamba. Mlimi wa ku Lifuwu sayenera kupepesa chifukwa wakolola mpunga.

Kwa Mani, choipa chinachokera kunja, kwa mdani wamphamvu. Pa Kaphirintiwa palibe mdani. Pali munthu yekha ndi timitengo take, ndi makutu ake osamva. Chauta sanathamangitse munthu. Munthu ndiye anathamangitsa Chauta. Ndipo moto umene unaononga tchire ndi womwewo umene uphika nsima ndi kuwamba chambo. Sunachokere ku ufumu wina. Ubwino wake ndi kuipa kwake zili m'dzanja la wougwira.

Kwa Mani, munthu apulumuka podzipatula kwa zolengedwa. Kwa Achewa chimene chinatayika ndi kukhala pamodzi, ndipo chofunika ndi kubwezera ubale. Ena ophunzira za miyambo amati ndilo tanthauzo la Gule Wamkulu: pa maliro, zilombo za m'tchire, mizimu ndi anthu zikumananso pa bwalo limodzi monga pachiyambi. Bungwe la UNESCO linalemekeza guleyu m'chaka cha 2005. Ku Mua, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a KuNgoni m'chaka cha 1976, ndipo m'nyumba ya Chamare musungidwa zigoba za gule zambirimbiri. Wansembe ameneyu anaona kuti kumene ena akutcha "kunja" kuli nzeru zofunika kuzisunga.

Koma munthu asanene kuti zonse za makolo nzoyera. Pamene mudzi uloza chala nkhalamba nunena kuti ndiyo mfiti yodzetsa matenda onse, mudziwo wagawa anthu pawiri, a kuwala ndi a mdima, monga momwe anachitira Mani. Ndiponso asanene kuti mpingo ndi mzikiti alibe chiphunzitso cha kuvomera kulakwa, pakuti onse awiri aphunzitsa kulapa. Pobisalira pamapezeka m'chipembedzo chilichonse, ndipo wofuna kubisala sasowa.

Chilumba cha Mbenji

M'nyanja, m'dera la Mfumu Makanjira ya ku Salima, muli chilumba cha Mbenji, chodziwika ndi utaka. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafumu a kumeneko akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula. Amatseka mu Disembala natsegula mu Epulo, kuti nsomba ziswane. Pa chilumbapo saloleza mowa, chamba kapena njuga, ndipo akuluakulu amakumbukira mizimu ya makolo pa mwambo wotsegulira.

Asodzi amene amapita kumeneko si a chipembedzo chimodzi. Wina amapemphera Lachisanu, wina Lamulungu, wina sapemphera m'nyumba iliyonse. Koma lamulo liwagwira onse mofanana, ndipo wolakwa sangapulumuke ponena kuti chiwanda ndicho chinaponya khoka. Khoka lili ngati moto uja: lidyetsa ana, ndipo lingathenso kutha nyanja. Msodzi amene apachika khoka lake miyezi ya mvula, ngakhale kunyumba kuli njala, wachita chimene munthu wa pa Kaphirintiwa analephera. Wamva pamene anamletsa.

Yankho

Malamulo aakulu a dziko la Malawi a m'chaka cha 1994, pa ndime 33, apatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima ndi wa chipembedzo. Palibe angamkakamize kulowa kapena kutuluka. Koma lamulo lingotsegula khomo; silimuuza munthu kumene apite.

Wotuluka mu mpingo ali ndi mayesero ake. Nkwapafupi kwa iye kuganiza kuti, "Ine ndekha ndaona kuwala, otsalawo ali mu mdima." Ameneyo wangosintha nyumba, koma nthano ya Mani yamtsata. Akulu anati, "Kali kokha nkanyama, ali awiri ndi anthu." Mzimu wa munthu sukula m'tchire.

Chotero aliyense wofuna kudziwa chimene iye ali ayese chikhulupiriro chake pa zinthu zooneka. Aone ngati chimphunzitsa kuthokoza pa mvula, pa nsomba ndi pa mwana wobadwa. Aone ngati chimlimbitsa mtima kuima pamaso pa nyakwawa nanena kuti, "Ndalakwa ndine." Aonenso ngati chimtuma kukagona pa siwa pamene wamwalira ndi Msilamu, kapena Mkatolika, kapena wa gule. Chikhulupiriro chopirira mayeso amenewa chili ndi chimanga m'kati, ngakhale chilibe belu kapena dzina.

Nao a mumpingo ndi a mumzikiti ali ndi gawo lao. Asanatche mnansi "wakunja", ayambe afunsa kuti ali kunja kwa chiyani. Angakhale kunja kwa kaundula wa mpingo, koma sali kunja kwa mudzi, pakuti amwa chitsime chimodzi ndi iwo, ndipo khasu lake limafika ku manda pamodzi ndi makasu ao. Funso lija la tsiku la maliro limayankhidwa munthu akali moyo. Amene analira ndi anzake, anzake adzamlira, ndipo adzukulu pokumba safunsa kalata ya ubatizo.