KODI NKOYENERA KUPATSA MWANA MASAMU PA CHUTHI?

Katatu pa caka aphunzitsi atseka zitseko za sukulu, nabwezera ana athu m'manja mwathu: m'mwezi wa Epulo pamene nshawa zakhwima, m'mwezi wa Ogasiti pamene anthu aumba njerwa, ndi m'mwezi wa Disembala pamene mvula yagwa ndipo makasu onse ali kumunda. Pa nyengo zimenezi makope alowa m'thumba, ndi thumbalo lipacikidwa pamsomali, osatsegulidwanso kufikira tsiku lobwerera. Tsono funso limene tifuna kulingalira pamodzi, inu makolo ndi inu nonse olera ana, ndi ili: kodi ciri cinthu coyenera kuti mwana wamng'ono wa sukulu acite masamu pa masiku ace opumula, kapena kutero ndiko kumlanda cimene ciri cace?

Poyamba tibvomere kuti iwo amene akana ali ndi mau omveka. Ngakhale ng'ombe ya pagoli timaimasula dzuwa likafika pamutu, kuti idye msipu ndi kumwa madzi; nanga mwana, amene wakhala miyezi itatu akudzuka mbandakuca, kuyenda mtunda wautali, ndi kukhala cete pa benci, kodi iye sayenera kumasulidwa? Ndiponso kusewera kuli ndi maphunziro acenso. Mnyamata wopinda waya kuti apange galimoto, ndi mtsikana wophika masanje ndi anzace, alikuphunzira zinthu zimene bolodi silingawapatse. Cifukwa cace kholo limene likhazika mwana pampando tsiku lonse la chuthi, cikwapu ciri pambali, lamlakwira mwanayo, cinkana likhale ndi colinga cabwino.

Koma palinso coonadi cina cimene sitingacilambalale, ndico cakuti munthu amaiwala. Njira ya kucitsime ikhala yoyera cifukwa mapazi apitamo tsiku ndi tsiku. Citsimeco cikaphwa, sipapita miyezi iwiri njirayo isanamere udzu. Momwemonso nzeru ya m'mutu. M'caka ca 1885 munthu wina wophunzira wa ku Germany, dzina lace Hermann Ebbinghaus, anafalitsa zimene anapeza atadziyesa yekha. Iye anali kuloweza mndandanda wa timau topanda tanthauzo, nayesa pambuyo pace kucuruka kwa zimene zatsala m'mutu. Anapeza kuti kuiwala kuthamanga kwambiri pa maola ndi masiku oyamba, ndipo pambuyo pace kuyenda pang'onopang'ono. Anapezanso cinthu cina cothandiza makolo: mndandanda umene unafuna kubwerezedwa nthawi 68 pa tsiku limodzi, unakhazikika cimodzimodzi ndi kubwereza nthawi 38 zokha, pamene kubwerezako kunagawidwa pa masiku atatu. Ndiye kunena kuti zocepa zobwera kawirikawiri ziposa zambiri zobwera kamodzi.

Nkhani ya kuiwala masamu pa chuthi yafufuzidwa koposa ku America, pakuti kumeneko ana apuma nthawi yaitali pa cilimwe cao, kuyambira m'mwezi wa Juni kufikira Ogasiti, pafupifupi masabata 10 kapena kupitirira. M'caka ca 1996 Harris Cooper ndi anzace anasonkhanitsa zofufuza 39 za nkhani imeneyi, napeza kuti mwana pobwerera kusukulu anali atabwerera m'mbuyo monga ngati wataya maphunziro a mwezi umodzi, ndi kuti kutayako kunakula koposa pa kuwerengera masamu ndi pa kalembedwe ka mau. Pa kuwerenga mabuku ana a mabanja opeza bwino sanataye, koma a mabanja osauka anataya. Pa masamu onse anataya pafupifupi mofanana. Ophunzira ena a m'zaka zotsatira atsutsana za kukula kwace kwa kutayako, koma aphunzitsi a kwathu kuno adziwa okha kuti sabata loyamba la teremu limathera pa kudzutsa zimene zinagona.

Nanga nciani cicititsa kuti masamu afulumire kuthawa? Cifukwa cace nciwiri. Coyamba, malemba akomana ndi mwana pali ponse: pa cikwangwani ca sitolo, pa thumba la feteleza, m'buku la nyimbo. Koma kucurukitsa ndi kugawa sizimpeza panjira, pokhapokha wina amfunse. Caciwiri, masamu amangidwa monga cipupa, mzere pamwamba pa mzere. Mwana amene waiwala kuti 7 kucurukitsa ndi 8 ndi 56 adzapunthwa pa kugawa, ndipo wopunthwa pa kugawa sadzamvetsa magawo a cinthu. Mphunzitsi wa kalasi ya ana ambiri sakhoza kubwerera m'mbuyo cifukwa ca mwana mmodzi, motero kamng'alu kamene kanayamba pa chuthi cimodzi kakhoza kukula kufikira mwanayo anene mumtima mwace kuti, "Ine masamu sindinabadwe nao." Inde, chuthi ca kuno ncacifupi, ngati mwezi umodzi, ndipo ngozi yace njocepa poyerekeza ndi ya ku America, koma cibwera katatu caka ciri conse. Ndipo m'caka ca 2020, pamene masukulu a m'Zambia anatsekedwa m'mwezi wa Malici cifukwa ca mliri wa korona, ana ambiri osabwerera kufikira Seputembala, tonse tinaona cimene kukhala kwa nthawi yaitali kucita ndi mutu wa mwana.

Wina adzafunsa kuti, kodi zimenezi zilowa bwanji pa nkhani ya cabwino ndi coipa? Si nkhani ya mayeso a kusukulu yokha kodi? Iai, abale. Taganizani za tsiku logulitsa thonje kapena cimanga. Wogula apacika thumba pasikelo, nachula nambala msangamsanga, nalemba m'buku lace. Mlimi wosadziwa kuwerengera aimirira pamenepo monga mlendo pa mlandu wa cinenero cimene sacimva. Thukuta la caka conse liri m'manja mwa munthu wina, ndipo iye angoyembekeza kuti munthuyo akhale wokhulupirika. Mwana wodziwa kuti matumba 7 a makilogalamu 50 ndiwo makilogalamu 350 ali ngati mlonda wa nyumba ya atate wace. Komanso masamu aphunzitsa mwana mwini wace kusanyenga. Yankho lolakwa silisanduka lolondola cifukwa wolinena ndi mwana wa mfumu, kapena cifukwa wafuula koposa anzace. Mwana wozolowera kubwerera pa nchito yace, kupeza pamene wasokera, ndi kukonza, alikuphunzira kugonjera coonadi. Ndipo mawa akadzasunga thumba la mudzi, la kopaletivu kapena la mpingo, khalidwe lomwelo lidzamsunga iye.

Ena ati masiku ano foni iwerengera zonse. Zoonadi iwerengera, koma iyankha cimene cala casindikiza. Wosindikiza 5 m'malo mwa 50 adzalandira yankho lonama, ndipo ngati m'mutu mwace mulibe muyeso womuuza kuti nambala iyi yacepa kwambiri, adzalikhulupirira.

Tsono tiri ndi zabwino ziwiri, mpumulo wa mwana ndi nzeru ya mwana, ndipo sitiyenera kupha cimodzi kuti cinzace cikhale ndi moyo. Cofunika ndico muyeso. Mphindi 15 pa tsiku, masiku asanu ndi limodzi pa sabata, kusiya tsiku la Sabata, pa masabata anai zikwana maola 6 okha. Palibe mwana amene angati chuthi cace cabedwa cifukwa ca maola 6 pa mwezi wathunthu. Koma maolawo akwanira kuti njira isamere udzu. Akulu anati tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Ndipo mphindi zimenezi sizifuna tebulo kapena buku logula, pakuti nchito za pakhomo zadzala ndi masamu. Pa chuthi ca Disembala, mwana awerenge mizere imene banja lapalira lero, ndi imene yatsala, nanene masiku amene adzafunika kuti munda uthe. Wamkulupo auzidwe kuti lima imodzi ndiyo mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi, napeze yekha kuti malima anai apanga hekitala. Pa chuthi ca Epulo ayese nshawa ndi meda, nawerengere mtengo wace. Pa chuthi ca Ogasiti aime pa bwalo la njerwa: mizere 12 ya njerwa 25 ndi njerwa zingati? Akapeza 300, mfunseni kuti zikasweka 18 zitsala zingati. Pomtuma kusitolo ndi K100 kukagula za K64, anene cenji asanacoke pakhomo. Wamng'ono wa Giredi 1 awerenge nkhuku polowa m'khola, nagawe mango pakati pa abale ace mofanana. Madzulo pali nsolo, masewera a makolo athu, m'mene wopambana ndiye wotha kuwerenga maenje ndi miyala m'mutu dzanja lisanagwire. Potero mwana saona ngati sukulu yamtsata kunyumba. Aona kuti akulu amkhulupirira pa nchito yeniyeni.

Mwina mai wina adzati, "Ine sindinapite kusukulu; ndingamthandize bwanji?" Amai, inu amene muyang'ana nkhokwe ndi kudziwa ngati cimanga cidzafika mwezi wa Febuluwale, inu amene mugawa nkhuku imodzi kwa anthu khumi popanda wodandaula, masamu muwadziwa, cimene simudziwa ndi kalembedwe kace kokha. Funsani funso, mwana alembe pansi ndi cala, ndipo afotokoze m'mene wapezera yankho. Pofotokozapo nzeru ikhazikika. Ngakhale akatswiri abwerera ku zipangizo za pamudzi. M'caka ca 2016 Unduna wa Maphunziro unayamba kuyesa njira yochedwa Catch Up m'masukulu ena a cigawo ca Kum'mawa ndi ca Kumwera, kuthandiza ana a Giredi 3 kufikira 5 amene anatsalira. Njirayo, imene inacokera ku bungwe la Pratham la ku India, iyamba ndi kuona pamene mwana ali, osati pamene buku lifuna kuti akhale. Ndipo pophunzitsa manambala igwiritsa nchito timitengo tomangidwa m'mitolo ya khumikhumi. Mitolo itatu ndi timitengo tinai ndiyo 34. Kodi pali nyumba m'midzi yathu imene isowa timitengo ndi luzi?

Pali macenjezo atatu. Loyamba: musasanganize masamu ndi mantha. Mwana womenyedwa cifukwa ca yankho lolakwa aphunzira kubisa kusadziwa kwace, ndipo cobisika sicingakonzeke. Akalakwa, bwererani ku funso lopepuka, kuti atsirize tsikulo ndi cimene wakhoza. Laciwiri: musaiwale mwana wamkazi. Kawirikawiri mnyamata apeza nthawi ya nsolo pamene mlongo wace ali kumtondo ndi kumadzi kufikira mdima. Mtsikanayo ndiye adzagulitsa pamsika ndi kusunga cuma ca nyumba. Kummana mphindi zace 15 ndiko kumtumiza kudziko wopanda cishango. Lacitatu: musayese kuti udindo uwu utha pakulipira ndalama za maphunziro apadera. Amene ali nazo akhoza kutero, koma ambiri alibe. Ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe. Wophunzira wa sekondale amene ali pamudzi pa chuthi, kapena mphunzitsi wopuma nchito, akasonkhanitsa ana asanu pansi pa mtengo kwa kanthawi dzuwa litapendeka, wacita nchito imene mudzi wonse udzadya zipatso zace.

Cotero yankho la funso lathu ndi ili: nkoyenera, ngati kucitika ndi muyeso ndi cifundo. Chuthi ndi ca mwana, ndipo gawo lalikuru la tsiku likhale lace, la kusewera, kuceza ndi agogo, ndi kuthandiza pakhomo monga mwa msinkhu wace. Koma cimene mphunzitsi anabzala pa miyezi itatu casiyidwa m'manja mwathu kwa mwezi umodzi, ndipo ife ndife tidzayankha ngati cidzabwerera camoyo kapena cofota. Pa chuthi cirinkudzaci, tsitsani thumba lija pamsomali. Ndipo likasowa kope, tumani mwana akathyole timitengo, mumange naye mtolo woyamba wa khumi.