Si mngelo, komanso si Shaytwan



Ndili ndi mnzanga amene tinakulira limodzi ku madrasa. Chaka chatha wina ananditumizira chithunzi chake ali pabala, botolo lili m'manja. Sindinamufunse kanthu. Ndinangomubuloka pa WhatsApp, mumtima nkumati, "Basi, ameneyu watayika." Zaka zonse zomwe ankandidzutsa kuti tikaswali Subuhi, ndalama ya minibasi yomwe anandipatsa mayi anga atagonekedwa m'chipatala, zonsezo ndinazifufuta tsiku limodzi.

Sindinadziwe kuti mpeni womwewo udzandicheka ineyo. Ramadan itatha, ndinaphonya Subuhi masiku atatu otsatizana. Mtima unayamba kundiuza kuti, "Iwe ndiwe munafiki, ukuswaliranji?" Mpaka Dhuhr ndinayamba kuisiya. M'mutu mwanga munali madengu awiri okha, la anthu oyera ndi la anthu otayika. Nditagwa m'dengu loyambalo, ndinadziponya ndekha m'lachiwiri.

Koma kodi dini yathu imatiphunzitsa choncho? Ngakhale mu fiqh, zochita za munthu sizili m'magulu awiri. Zili m'magulu asanu: wajib, mustahabb, mubah, makruh ndi haram. Ndipo mu Sahih Bukhari muli nkhani ya swahaba wina dzina lake Abdullah, amene ankakonda kuseketsa Mtumiki (SAW). Munthuyu analangidwa kangapo chifukwa cha mowa. Tsiku lina wina atamutemberera, Mtumiki (SAW) analetsa, nachitira umboni kuti Abdullah amakonda Allah ndi Mtumiki Wake. Taonani bwino apa. Mowa unakhalabe haram, chilango chinaperekedwa, koma munthuyo sanachotsedwe pakati pa abale.

Ndikudziwa ena anena kuti, "Akhi, ukufewetsa tchimo." Ayi ndithu. Haram ndi haram, palibe zokambirana. Chomwe ndikukana n'kutenga tchimo limodzi nkulisandutsa dzina la munthu. Nsima ikapserera pansi, timapala mphika, sitiutaya kudzala.

Maganizo a madengu awiriwa amatopetsa mtima. Mnzako akalakwa kamodzi, wasanduka mdani. Mkazi wako akakuyankha mokalipa, "sanandikondepo". Iwe mwini ukaterereka, umataya chiyembekezo pa chifundo cha Allah, pomwe khomo la tauba likadali lotsegula.

Mnzanga uja ndinamuchotsa pa buloko, nkumutumizira salaam. Anayankha patapita masiku awiri. Anati chomwe chinkamulepheretsa kubwera ku mzikiti ndi manyazi, poti ankadziwa kuti tonse tinaona chithunzi chija. Sindikunamizani kuti zonse zatheka, akulimbanabe nazo. Koma Jumu'ah yapitayi tinaima mu swafu imodzi, phewa ndi phewa.

Ngati pali wina amene munamufufuta mumtima, lero mutumizireni salaam. Ngati amene munamufufutayo ndi inu nomwe, kachiteni wudhu, Swala yotsatira ikadali yanu.

Allah atikhululukire tonse, ndipo afewetse mitima yathu. Ameen.