Ufulu Weniweni Umayambira Mumtima

Kodi munthu amakhala mfulu liti? Pa 8 Marichi 1992, m'matchalitchi a Katolika m'dziko muno, kuphatikizapo a ku Bembeke ndi ku Mua m'boma la Dedza, munawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula malipiro ochepa, kumanga anthu popanda mlandu ndi kutseka pakamwa nzika. Nthawiyo lamulo linkalola chipani chimodzi chokha, ndipo boma linaletsa kalatayo. Komabe amene anailemba ndi kuiwerenga anali mfulu kale, pakuti anaopa Mulungu koposa ndende. Riferendamu ya 1993 inangoponda m'mapazi mwawo.

Masiku ano unyolo unasintha maonekedwe. Kalaliki wofuna chiphuphu asanathandize munthu wovutika, kapena wamalonda wogula mbatata ya kachewere ndi sikelo yonyenga, amayenda momasuka koma ali kapolo wa dyera. Chikhristu chimaphunzitsa kuti tchimo ndi ukapolo, ndiponso kuti Khristu amamasula munthu kuti atumikire mnzake. Ufulu woponya voti umaperekedwa ndi malamulo, koma mphamvu yokana choipa pamene palibe woona imamera mumtima. Dziko la anthu osowa mphamvu imeneyi limangosintha mabwana.