Walira mvula walira matope

Achinyamata a kuno ku Kayelekera ali kalikiliki kukhoma makola a nkhuku kuseri kwa nyumba, ndipo chawadzutsa tikuchidziwa. Mgodi wa uranium umene a Paladin adatsegula mu 2009, n'kuuimitsa mu 2014 mitengo ya uranium itagwa, udayambanso ntchito mu 2025 uli m'manja mwa a Lotus Resources. Pamene pali antchito pamafunika ndiwo. Ndiye aliyense akusaka anapiye, wina a mikolongwe, wina oyera aja a mabuloyila. Zabwino zimenezo, adzukulu anga. Koma makolo adati walira mvula walira matope, ndipo matope a woweta nkhuku ndi zitosi. Nkhuku sidziwa chimbudzi. Pomwe yadyera ndi pomwe inyera, ndi pomwenso igona.

Kale nkhani imeneyi sinkativuta. Nkhuku zachikuda zinkayenda tsiku lonse, madzulo n'kukwera pamakwerero kulowa m'khola lam'mwamba, zitosi zikugwera pansi kudzera m'mipata ya timitengo. Lero mwazitsekera pansi usana ndi usiku, choncho choyala pansipo ndicho chimalamula ngati ziweto zanu zidzafike pamsika.

Ambiri amathamangira utuchi kwa akalipentala chifukwa umaoneka bwino, wofewa, wonunkhira thabwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Utuchi wosalala uja uli ndi fumbi lolowa m'mphuno mwa anapiye, ndipo mwanapiye wa masiku ochepa amaujompha poyesa chakudya, n'kudzaza chithokomiro ndi zinthu zosamupatsa thupi. Choipa kwambiri ndi utuchi wa mtengo wauwisi kapena wovumbwa. Umachita chuku, chukucho chimalowa m'mapapo, ndiye muona anapiye akutambasula khosi, kukamwa kuli yasa, mpweya ukuwathawa. Ngati kalipentala ndi mnzanu, m'pempheni zopalapala za pulena, zazikulu zopindikapindika zija, zouma, zochokera ku thabwa losathiridwa mankhwala a chiswe.

Ine mtima wanga uli pa mankhusu a mpunga. Boma lathu la Karonga ndi kwawo kwa mpunga wa kilombero. Ku Hara, ku Wovwe, ku Lufilya, mpunga ndiye moyo wa anthu, ndipo kuseri kwa zigayo zopunthira kumakhala milu ya mankhusu. Kuchokera ku Karonga boma kufika kuno pamsewu wa ku Chitipa ndi makilomita 50 ndi pang'ono. Galimoto yopita kukagula katundu ingabwereko ndi matumba angapo pamwamba, makamaka oweta mukasonkherana mtengo wonyamulira. Mankhusu samwa madzi ngati zopalapala, zimenezo ndi zoona, koma amauma msanga, sagwirana chibuma, ndipo nkhuku zikamapalasa zimawatembenuza zokha. Yalani mokhuthala, masentimita 5 mpaka 10, osati kungowaza ngati mchere. Masiku oyamba anapiye akangofika, phimbani pamwamba ndi mapepala kuti aphunzire kaye chakudya chenicheni.

Udzu wouma ulipo waulere, koma uduleni ufupiufupi. Wautali umaphathana n'kusunga chinyezi pansi, utitiri n'kupezamo mudzi. Makoko a mtedza ndi zitsononkho zophwanya zimathandiza pakasowa zina, bola zikhale zouma gwa, pakuti nazonso sizichedwa kuchita chuku.

Tsono mverani apa, chifukwa ambiri amagwera pamenepa. Choyala chilichonse, chodula kaya chotola, chimaonongeka ndi madzi. Mvula ya kuno kumpoto imachedwa kukata, mpaka mu Epulo ikadagwabe, ndiye denga lodontha kapena chomwera chotayikira chimasandutsa khola kukhala dambo. Pachinyezi m'pamene pamakhwimira tizirombo toyambitsa kutsekula kwa magazi, ndipo nkhuku zimatolanso tomweto ndi mlomo. Kuti mudziwe ngati chanyowa, tapani choyalacho m'dzanja, mufinye, mutambasule. Chikayoyoka chili bwino. Chikatsala chibulunga chanyowa, chotsani malo amenewo lero lomwe, muthirepo chouma. Kenako gwadani, mphuno ifike pamene pamafika mutu wa nkhuku. Maso akayamba kuwawa ndi fungo, dziwani kuti nkhukuzo zakhala zikupuma mpweya umenewo usiku wonse inu muli m'tulo. Tsegulani mazenera a waya, mphepo idutse, ndipo zomwera muziike panjerwa.

Gulu lina likagulitsidwa, musaikemo anapiye atsopano pazoyala zakale pofuna kupulumutsa ndalama. Kokolani zonse, sesani, wazani phulusa kapena laimu, khola lipume sabata ziwiri. Zokokolazo si zinyalala. Ziunjikeni pamthunzi ziwolerane miyezi ingapo, kenako mukathire m'nthochi kapena kudimba. Zaziwisi zimawotcha mbewu.

Pomaliza pa zonse pali chitopa, ndipo musanamizidwe kuti khola louma limachiletsa. Chimenecho chimafuna katemera. Wa I-2, wodonthezera m'diso uja, alangizi a ziweto amamudziwa, ndipo amabwerezedwa pakatha miyezi 4. Kawafunseni chilimwe chisanafike, poti nyengo yotentha ndi imene matendawa amakonda kusesa makola.