BANJA LIKAMASAMUKA: LOTI KAPENA YOSEFE?

Tauni ya Mwanza ili pa chipata cha dziko. Msewu waukulu wochokera ku Blantyre, utadutsa pa Zalewa, umapyola pa boma nukafika ku Zobue, ku Tete, mpaka ku Harare. Chifukwa cha ichi mabanja ambiri amasamukira m'tauniyi: aphunzitsi, apolisi, antchito a kasitomu ndi a chipatala, ogulitsa manachesi, ndi ena ochokera kwa Kanduku, kwa Nthache ndi ku Neno kudzafuna ganyu. Onsewa amafunsa chinthu chimodzi: nyumba ipezeka kuti, ndipo lendi yake ndi ndalama zingati? Kufunsa kotere sikulakwa ayi; koma Mkhristu ayenera kuyamba ndi funso lina lalikulu kopambana: kodi ana akakulira pakati pa anthu otani?

Malembo Oyera asimba za amuna awiri amene anasankhira mabanja awo malo. Woyamba ndiye Loti (Genesis 13). Abusa ake atakangana ndi abusa a Abrahamu, Abrahamuyo anamlola kuti ayambe ndiye kusankha. Loti anaona chigwa cha Yordano, madzi ake ndi msipu wake, nachikonda, nakamanga mahema pafupi ndi Sodomu. Za ziweto anaganiza bwino, koma za anthu a mumzindamo sanasamale. Tsono mapeto ake ndi awa: anagwidwa pa nkhondo ya mafumu, pambuyo pake anathawa moto chimanjamanja, mkazi wake anatsala panjira, ndipo ana ake aakazi anachita zamanyazi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wachiwiri ndiye Yosefe Woyera (Mateyo 2). Pobwerera kuchokera ku Ejipito anamva kuti Arkelao walowa ufumu wa bambo wake Herode m'dziko la Yudeya, nachita mantha kupitako. Ndipo atachenjezedwa m'maloto, anakakhala ku Nazareti, kamudzi konyozeka ka ku Galileya. Sanafune malo otchuka kapena a malonda. Anafuna malo pamene Mwana ndi Amayi ake akakhala pa mtendere.

Bambo ndi mayi amene afuna kutsata Yosefe asafulumire kupereka lendi. Safunsa anadya phula. Ayambe apita okha kukaona malowo kawiri: usana, kuti aone pamene pali mjigo, chimbudzi, sukulu ndi chipatala, ndi kumene madzi amayenda nthawi ya dzinja, ndiponso madzulo, makamaka Loweruka kapena pa kutha kwa mwezi, pakuti malo ambiri amaoneka ofatsa dzuwa lili pamutu, koma kukada amasanduka ena. Pa malire magalimoto aakulu amagona kudikira zikalata, ndipo pamene pali alendo a ndalama pamachuluka malo omwera mowa ndi nyumba zogona alendo. Oyendetsa magalimoto ambiri ndi anthu aulemu osamala mabanja awo. Komabe mtsikana wa zaka 13 amene adutsa pa khomo la bala tsiku ndi tsiku popita kukatunga madzi, kapena amene atumidwa kukagulitsa mandasi kumeneko usiku, ali pangozi ndithu. Ndalama zimene makolo apulumutsa pa lendi yotsika sizingawombole mwana ameneyo.

Afunsenso za tchalitchi. Ulendo wa ku Misa ukatalika, gogo ndi mayi wa khanda ndiwo amayamba kutsala, kenaka banja lonse. Chiyambire chaka cha 1973, pamene maepiskopi a AMECEA analimbikitsa timagulu ta Akhristu oyandikana, banja lililonse lili ndi malo ake m'limana, limene ena amati mphakati. Choncho osamuka atenge kalata kwa bambo mfumu wa kumene achokera pamodzi ndi makadi a ubatizo, ndipo sabata yoyamba yomweyo akadzionetse kwa akatekisti. Akhristu ambiri sanataye chipembedzo chifukwa chokana Mulungu ayi; anangofika pa malo achilendo, osadziwika kwa aliyense, nazilala pang'onopang'ono ngati chikuni chochotsedwa pamoto.

Koma alipo ena amene alibe posankha. Boma la Mwanza liwadziwa bwino anthu otere: linalandira othawa nkhondo ya ku Mozambique imene inatha mu 1992, ndipo mu 2016 anthu zikwizikwi a ku Tete anamanga misasa pa mudzi wa Kapise asanawasamutsire ku Luwani, m'boma la Neno. Momwemonso mayi wamasiye ndi waganyu amalowa m'nyumba imene thumba lawo lilola. Otere asataye mtima, ndipo wina asawaweruze. Mwana wa Mulungu anabadwira m'khola chifukwa makolo ake anasowa malo. Banja limene lipemphera Korona madzulo, limene ana ake alowa m'nyumba kusanade, limene lilonjera anansi ndi kuyendera odwala, limasandutsa malo oipa kukhala okhalika. Sodomu akadapulumuka mukadapezeka olungama khumi okha.

Apa ndipo pali ntchito ya akatekisti ndi atsogoleri a malimana. Galimoto ya katundu ikaima pa nyumba yoyandikana, asadikire kuti mlendo awafune. Apite ndiwo, amthandize kutsitsa katundu, amsonyeze mjigo ndi tchalitchi, amuuze zoona za malowo popanda miseche, ndipo alembe ana ake ku katekisimu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Malo abwino samangidwa ndi njerwa zootcha kapena malata; amamangidwa ndi anansi oopa Mulungu.

Yosefe Woyera, mtetezi wa Banja Loyera, apempherere mabanja onse amene ali paulendo, kuti akapeze Nazareti wawo.