Kodi Khutu la Wapaulendo Limvere Yani?

Galimoto yonyamula matemba ikanyamuka pa doko la Swang'oma, m'mbali mwa Nyanja ya Chilwa m'boma la Phalombe, kulunjika ku msika wa Limbe, imatha maola angapo ili pamsewu. M'maola amenewa dalaivala sakhala duu ayi. Amafuna mawu omuperekeza. Masiku ano mawuwa angachokere mbali zitatu: ku wailesi za m'dziko muno, ku wailesi zakutali zodzera pa satelayiti kapena pa intaneti, ndiponso ku nyimbo zimene mwini wake adasunga pa foni. Nkhaniyi ikuoneka yaing'ono, komatu pansi pake pali funso lalikulu la chikhalidwe: kodi n'koyenera kuti munthu azimva zokhazo zimene wasankha yekha?

Poyamba, nyimbo zosankha wekha zili ndi ukoma wake. Kale zinali m'makaseti, pambuyo pake zidalowa m'zimbale, lero zili m'mafoni. Dalaivala wokonda Allan Namoko amamva Namoko, wokonda Lucius Banda amamva Lucius Banda, popanda otsatsa malonda kapena andale omudula pakati. Nyimbo zotere sizizilala galimoto ikalowa kuseri kwa phiri la Michesi, kumene mawu a wailesi angathe kutsekeka. Zimachotsanso tulo, mdani wamkulu wa woyendetsa galimoto usiku. Koma foni imabwezera munthu zokhazo zimene adaikamo dzulo. Singamuuze kanthu ka lero. Ili ngati chitsime chimene munthu amasuzumiramo n'kuona nkhope yake yokha.

Chachiwiri, pali wailesi ya satelayiti. Mawu ake amatsika kuchokera ku makina oyandama mumlengalenga, motero amakuta maiko ambiri nthawi imodzi. Ku America makampani a XM ndi Sirius adayamba kuulutsa mawu m'galimoto m'zaka za 2001 ndi 2002, ndipo adaphatikizana mu 2008. Womvera amalipira mwezi ndi mwezi, nayenda mtunda wautali osataya pologalamu yake. Ku Africa kuno kampani ya WorldSpace, imene adayambitsa Noah Samara wochokera ku Ethiopia, idakweza satelayiti yotchedwa AfriStar mu 1998. Cholinga chake chinali kufikitsa nkhani ndi maphunziro kumidzi, koma mu 2008 kampaniyo idagwa ndi ngongole. Lero mawu akutali amafika kwa ambiri kudzera pa intaneti ya m'foni. Akuluakulu adati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona kuti mawu akunja amatsegula maso. Komabe mlendoyu sadziwa kuti mtsinje wa Phalombe wasefukira, kapena kuti kolera wabuka pakati pa asodzi ogona m'zimbowera.

Chachitatu ndi wailesi ya kwathu. Bungwe la MBC lidakhazikitsidwa mu 1964, Radio 2 idatsegulidwa mu 1997, ndipo Zodiak idayamba mu 2005. Palinso mawailesi a m'madera, monga Mzati ku Mulanje ndi Chanco ku Zomba. Wailesi zimenezi sizifunsa womvera chimene akufuna. Zimamupatsa nyimbo imene sakonda, mauthenga achisoni a anthu amene sawadziwa, ndi zanyengo za maboma amene sadafikeko. Ena amati uku ndiko kuipa kwake. Koma woganiza mofatsa adzaona kuti apa ndi pamene pagona ubwino wake, pakuti zimene munthu amasowa kwambiri kawirikawiri ndi zimene sadaganize zozipempha.

Anthu a ku Chilwa sasowa umboni wa mfundoyi. Nyanja yawo ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi, kotero moyo wake umadalira mvula. Idaphwa mu 1968, idaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato ambiri adatsala pamatope. Madzi akachuluka namonso muli tsoka. Mu Malichi 1991 madzi ndi miyala zidatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana ku Phalombe. Mu Malichi 2023 namondwe wotchedwa Freddy adakantha chigawo cha kummwera, ndipo anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Namondweyo asanafike, a nthambi yoona zanyengo adachenjeza anthu pa mawailesi. Dalaivala amene tsiku lotere watsekera khutu lake m'nyimbo za m'foni angathe kulowetsa anthu khumi ndi asanu m'madzi pamene mlatho wakokoloka. Safunsa adadya phula.

Komabe kungakhale kusaona bwino kunena kuti wailesi ya kwathu ilibe banga. Kwa zaka pafupifupi 30 za ulamuliro wa chipani chimodzi, wailesi ya boma inkanena zokhazo zimene olamulira adalola. Pamene mabishopu a Katolika adatulutsa kalata yawo mu Malichi 1992, anthu ambiri ankatchera khutu ku BBC ndi mawailesi ena akunja kuti amve zimene zinkachitika m'dziko lawo lomwe. Apa phunziro n'lakuti khutu lozolowera liwu limodzi limapusitsidwa msanga, kaya liwulo ndi la boma, la mlendo, kapena la mtima wa mwini wake.

Palinso mbali ina yofunika kuilingalira. Galimoto ya matola si chipinda cha munthu mmodzi. Mumakhala mayi wopita kuchipatala ndi mwana wodwala, mkulu wopita kumaliro, ndi mnyamata wobwerera kusukulu. Dalaivala akakweza nyimbo zake zokha mpaka mawu a mnzake osamveka, ndiye kuti waiwala kuti makutu enawo ali ndi eni ake. Naye wachinyamata amene watseka makutu onse awiri ndi timawaya ta foni wadzipatula, ngakhale mapewa ake akukhudzana ndi a anzake. Koma nkhani zikamveka pa wailesi, anthu osadziwana amayamba kukambirana za mtengo wa feteleza ndi wa chimanga, ndipo pofika ku Migowi amakhala atapatsana nzeru.

Pomaliza, ufulu wosankha chomvera ndi wabwino, koma uli ndi malire pamene payambira moyo wa ena. Dalaivala wanzeru amatsegula wailesi ya kwawo pa nthawi ya nkhani ndi zanyengo, makamaka m'miyezi ya dzinja. Amamvako mawu akutali kuti ayese nawo zimene wamva pafupi. Nyimbo za kumtima kwake amazisungira msewu wautali wopanda chiopsezo, ndipo amaziika motsitsa polemekeza amene wawanyamula. Munthu amene wasenza miyoyo ya anzake alibe ufulu wokhala wosadziwa.